Fulasiki ya Ba Pasita

"Nsapato zonse m'thumba! Majuzi, vikwama, mafoni, vonse vitsale mu minibasi!"

Ankakuwa choncho anali Ba Monalisa, mkulu wa amayi, ataima patsinde pa phiri ndi thumba la ufa lopanda kanthu m'manja. Nthawi inali isanakwane seveni koloko m'mawa, Loweruka la mwezi wa Julaye, ndipo mphepo ya kumapiri a njira ya ku Kafue siseka ndi munthu. Anthu makumi awiri ndi atatu a kampingo kena ka ku Chawama anali atavala mikanjo yoyera, yopyapyala ngati pepala. Mano anali akugundana kale asanayambe n'komwe kukwera.

Lamulo lake linali lomwelo chaka ndi chaka. Phiri ndi malo oyera. Munthu amakwera wopanda nsapato, wopanda juzi, wopanda kanthu m'mimba, Baibulo lokha m'manja. Wololedwa kunyamula chikwama anali Ba Pasita Cephas okha, poti ati munali Baibulo lalikulu ndi botolo la mafuta odzozera.

Felistus anavula nsapato zake n'kuziponya m'thumbamo mwaukali. Ulendowu iye sanaufune m'pang'ono pomwe. Loweruka la mwezi wozizira ndiye tsiku limene majuzi amayenda pabenchi yake ya salaula, zovala zakaunjika, koma anatseka n'kubwera chifukwa cha amuna ake, Ba Whyson. Bamboyu amawotcherera mageti m'mbali mwa msewu ku Chawama, ndipo kwa zaka zitatu tsopano akudwala shuga yobaya jakisoni m'mawa ndi madzulo. Anamwino a ku kiliniki anamuuza Felistus momveka bwino: akabaya, adye. Akapanda kudya shuga imatsika, ndipo munthu amatha kupita osatsanzika.

M'mawa umenewo Ba Whyson anabaya iye akuona. Buledi amene anawapatsa anati akadyera m'minibasi. Koma potsika, Felistus anamupeza buledi uja pansi pa mpando, adakali m'pepala lake.

"Atate a Karen, simunadye?"

"Tili pa kusala, amake Karen. Osanichititsa manyazi pa bantu."

"Manyazi? Imwe mwabaya jakisoni!"

"Lero ni tsiku langa lochira. Ba Pasita bakamba."

Felistus amuna ake ankawadziwa, nchifukwa chake anali atamangirira maswiti asanu ndi vitumbuwa viwiri pa nsonga ya chitenje chimene anamanga m'chiuno. Koma maso a Ba Monalisa aja, abale! Mayiyo anaona kamfundo kaja, anakagwira, anamasula, n'kukweza vitumbuwazo m'mwamba kuti aliyense aone.

"Onani! Ena babwera ku pikiniki!"

Anthu anaseka. Felistus anawatsomphola dzanja.

"Bweretsani kuno imwe. Si vanga ivo. Ni va odwala."

Ba Pasita Cephas anayandikira pang'onopang'ono, akumwetulira ngati munthu wosadziwa kukwiya. Mawu awo anali ofewa nthawi zonse, ndipo n'chimene chinkamunyansa kwambiri Felistus.

"Mlongo Felistus, kodi tikwera na chikhulupiriro kapena na vitumbuwa? Mungapemphe bwanji machiritso na dzanja limodzi, dzanja linalo mwagwira maswiti?"

"Ba Pasita, aba bantu babaya jakisoni. Bakapanda kudya..."

"Amake Karen!" Anali Ba Whyson, nkhope ili gwa. "Nakuuza siya. Ndiwe mkazi wabwanji wosamva? Ufuna nife na matenda aya?"

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali pabanja, anali asanamutchulepo kuti iwe pagulu. Felistus anamva kutentha kumaso ngakhale kunali kuzizira chotero. Vitumbuwa ndi maswiti zinalowa m'minibasi, dalaivala anatseka chitseko, anagwetsa mpando wake n'kudziphimba bulangete. Yekhayo ndiye anali ndi nzeru tsiku limenelo.

Anayamba kukwera akuimba. Nyimbo yoyamba inatha bwino, yachiwiri inathera pakati, yachitatu sinayambike. Phirilo linali litapsa, ndipo tizitsa ta udzu tinkabaya kumapazi ngati misomali. Miyala inali yozizira moti zala zakumapazi zinafa dzanzi, munthu n'kumangoona magazi osadziwa kuti wadzicheka liti. Mphepo inkalowa kukhosi kwa mkanjo n'kutulukira kumiyendo. Ba Nason, dikoni wa mpingowo, munthu wamphamvu amene amakankha wilibala mumsika tsiku lonse, ankayenda manja ali m'khwapa akulira pansipansi ngati mwana.

Felistus ankayenda pambuyo pa amuna ake, osawalankhula, koma osawachotsa diso. Mkwiyo ndi umene unkamufunditsa.

Kutsogolo kwa onse kunali Ba Pasita, ndodo m'manja, chikwama paphewa. Iwo okha sankanjenjemera. Atakweza ndodo kuloza pamwamba, mkono wa mkanjo unatsetsereka, ndipo Felistus anaona nsonga ya juzi yotuwa, yokhuthala, yokhala ndi kamzere kofiira. Ha! Juzi imeneyo anaitulutsa yekha m'belo la salaula mwezi wa Meyi, n'kugulitsa kwa akazi a Ba Pasita. Munthu wa salaula saiwala chovala chimene chinadutsa m'manja mwake. Anafuna kukuwa pomwepo, koma anayang'ana msana wa amuna ake n'kudzigwira.

Kawiri konse panjira Ba Pasita anaimitsa gulu. "Gwadani apa mupemphere. Ine nipita kuseri kwa mwala uja, nikamve vamene Ambuye bakamba." Anthu ankagwada pamiyala, mphepo ikuwakwapula, ndipo pakapita mphindi khumi abusa ankabwera nkhope ili ngwee, mawu ali myaa.

Anafika pamwamba dzuwa litakwera ndithu, koma linali dzuwa la dzina lokha. Panali thanthwe lalikulu lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Pansi patali minibasi inkaoneka ngati kabokosi ka machesi. Anthu anapanga bwalo, anagwirana manja, mapemphero anayamba.

Apo ndi pamene Felistus anaona thukuta. Aliyense anali wotuwa ndi chisanu, milomo itang'ambika, koma pamphumi pa Ba Whyson pankatsika madzi. Dzanja lawo, limene iye analigwira, linali lonyowa ndipo linkanjenjemera mwa mtundu wina.

"Atate a Karen. Niyang'aneni. Ndine ndani ine?"

Anamuyang'ana ngati mlendo. Milomo inayenda, koma chimene chinatuluka sichinali mawu. Kenaka mawondo anafooka, n'kukhala pansi mwadzidzidzi, mutu uli lendee.

"Aleluya!" anakuwa Ba Monalisa. "Chayamba kutuluka!"

"Chiwanda cha shuga chagwidwa!" anatero Ba Pasita. "Zungulirani! Kwezani mawu! Osachipatsa mpata!"

Koma anthu! Onse anathamangira pomwepo, anamuzinga munthu wodwala, akuomba m'manja, akuponda pansi ndi mapazi amagazi aja. "Tuluka! Tuluka! Moto!" Ba Whyson akamagwedezeka, iwo ankawonjezera phokoso, akusangalala kuti zikutheka. Felistus anakankhidwira kunja kwa bwalo.

"Si chiwanda icho! Shuga yatsika! Nipatseni njira!"

Ba Monalisa anamutchinga ndi thupi lonse. "Imwe ndimwe munabwera na vitumbuwa. Khalani kutali, muzabweza chiwanda."

"Ali na switi ndani? Chilichonse chotsekemera! Bantu imwe, nikupemphani!"

Palibe anamumva, ndipo akanamumva akanamupatsa chiyani? Zonse zinali m'minibasi. Anayang'ana pansi paja. Kutsika n'kubweranso, maola anayi mwina asanu. Akanapeza atawaphimba kale nkhope ndi mkanjo. M'maganizo anaona mwana wawo Karen akubwera kuchokera ku koleji kudzapeza tenti ya maliro pakhomo. Anawerama, analowa pakati pa miyendo ya anthu ngati mbuzi, n'kutulukira m'kati mwa bwalo.

Ba Pasita anali atawerama, dzanja lili pamutu pa Ba Whyson, akufuula. Chikwama chawo chinalendewera n'kugunda pathanthwe. Sichinalire ngati buku. Chinalira kuti ngwee, ndipo m'kati munamveka madzi akukhuvuka. Nthawi yomweyo mpweya wa m'kamwa mwawo unamufika Felistus kumaso. Tiyi. Tiyi wamkaka.

Sanaganize kawiri. Anagwira chikwamacho ndi manja awiri n'kukoka.

"Mlongo! Mukuchita chiyani? Osakhudza vodzozedwa!"

"Siyani!" anakuwa Felistus.

Anakokerana. Felistus amanyamula mabelo a salaula pamutu, abusa amanyamula maikolofoni. Lamba anaduka, zipi inang'ambika, ndipo katundu yense anakhuthukira pathanthwe. Baibulo linagwa. Botolo la mafuta linagubuduka. Kenaka fulasiki yofiira, mabanzi awiri opaka majarini, lina lolumidwa theka, ndi makoko a mazira owiritsa atakulungidwa m'nyuzipepala.

Phokoso lonse lija linazima. Kunangotsala mphepo.

Felistus anatsegula fulasiki, nthunzi inatuluka. Analawa pang'ono. Akazi a Ba Pasita sanaumire shuga, Mulungu awadalitse pa chimenecho chokha.

"Ba Nason! Gwirani mutu. Bakhazikeni tsonga. Musaniyang'ane ine, gwirani!"

Ba Nason anagwada n'kuwatsamiritsa Ba Whyson pachifuwa pawo. Felistus anathira tiyi m'chivindikiro, anauzira, n'kufikitsa pamilomo.

"Mezani, atate a Karen. Mezani, chitsiru cha mwamuna imwe, mezani!"

Woyamba anatayikira pachibwano. Wachiwiri, kholingo linayenda. Anawamwetsa pang'onopang'ono, akuwatukwana, misozi ikugwera m'chivindikiro momwemo. Ananyema banzi, ananyika mu tiyi, anawaika m'kamwa. Inapita nthawi imene kwa iye inali ngati chaka. Kenaka maso aja anasiya kuyendayenda n'kuima pa iye.

"Amake Karen... n'chifukwa chiyani mulira?"

Felistus anamasula chitenje chake n'kuwafunditsa. Ndiyeno anaimirira n'kutembenukira kwa Ba Pasita.

"Vulani juzi."

"Juzi yanji?"

"Yotuwa, ya mzere wofiira. Ninagulitsa ine kwa Amayi Busa. Vulani, muwapatse odwala aba!"

Ba Pasita sanavule. Anatola Baibulo lawo, analipukuta fumbi, anayang'ana kumwamba, ndipo kumwetulira kuja kunabwerera pamalo pake. Munthu ameneyu manyazi anawasiya m'mimba mwa amake.

"Bana ba Mulungu, mwaona mmene Ambuye bagwirira ntchito? Dzulo bananiuza kuti, Cephas, nyamula tiyi. Ine ninati, Ambuye, tili pa kusala. Bananiuza kuti nyamula chabe, uzaona. Manje mwaona na maso yanu. Chiwanda chatuluka, m'bale wathu wauka!"

"Na banzi ili?" Felistus analikweza m'mwamba, malo olumidwa akuonekera. "Ni Ambuye banaluma? Na mazira, ni angelo banasenda?"

Wina kumbuyo anatsamwa ndi kuseka. Koma Ba Monalisa anakuwa "Ameni!" mwamphamvu, ena awiri atatu anatsatira, kenaka pafupifupi onse. Anthu anjala, ozizidwa, mapazi akutuluka magazi, akuvomera ameni kwa munthu wonunkha mazira!

"M'bale Whyson wachira," anapitiriza Ba Pasita. "Mawa mu tchalitchi abweretse majakisoni yake yonse, tizayatentha pa mbaula pamaso pa mpingo. Aliyense ali na mankhwala, abweretse. Ndipo mlongo uyu, amene waika manja pa mtumiki wa Mulungu, azagwada kutsogolo apepese."

"Muzaniyembekeza mpaka Yesu akabwere," anatero Felistus.

Anayang'ana amuna ake kuti anene kanthu. Ba Whyson anangozolika, chitenje chili pamapewa.

Potsika, Ba Nason anawabereka Ba Whyson m'malo otsetsereka. Felistus ankabwera pambuyo atakumbatira fulasiki, akuwamwetsa wotsalayo akaima, ndipo palibe amene analimba mtima kumulanda. M'minibasi anakhala nayo pamiyendo mpaka ku Chawama.

Dzuwa likulowa, awiriwo anali atakhala pakhomo pa nyumba yawo ya zipinda ziwiri, mapazi ali m'beseni limodzi la madzi ofunda amchere. Apo ndiye Felistus anamasula zonse.

"Munanitcha iwe pa bantu. Chabwino, ivo nizaiwala. Koma muziwe kuti lero munafa, atate a Karen. Munafa ine nikuona, anzanu bakuombera m'manja."

Ba Whyson anangoyang'ana m'madzi.

"Zaka zitatu nikuukira m'mawa kukuphikirani. Malaiti yakapita, ndine nithira madzi pa mchenga mu kamphika kaja kuti mankhwala yanu yasaonongeke. Manje mawa mufuna mukayaponye pa mbaula? Niuzeni lero. Niuzeni, nisankhiretu diresi yakuda mu belo, yabwino isanagulidwe."

"Natopa na nyeleti za jakisoni, amake Karen," anatero motsitsa. "Mimba yonse mabala. Ninafuna chabe nikhale monga bantu ena."

Mawu amenewo anamulasa, pakuti anali oona. Koma sanafune kufewa.

"Bantu ena bali moyo. Yambani na ivo."

Ba Whyson anapukuta mapazi n'kulowa m'nyumba akutsimphina.

M'mawa wa Lamlungu Felistus anapita kukatunga madzi pampopi wa m'komboni, ndipo mzere unali wautali. Pobwera, ndowa ili pamutu, mayi woyandikana naye nyumba anamuitana ali pa chingwe choyanikira.

"Ba Whyson bapita kale ku tchalitchi. Banyamula pulasitiki yakuda."

Felistus anakankha chitseko. Pakona paja, chivindikiro cha kamphika ka mankhwala chinali pansi. Sanalowe n'komwe. Anatula ndowa mwamphamvu moti theka la madzi linatayika, n'kuyamba kuthamanga, patapata kuphazi, mabala a dzulo akutsegukanso. Anadutsa pa okazinga tchipisi, analumpha ngalande, anthu akumuyang'ana. Mumtima ankangoti, ndikawapeza aponya kale, ndilowetsa dzanja pamoto pomwepo, ndipo ndikatero ndimugubuduzira mbaulayo Cephas pamiyendo.

Mpingowo umapemphera m'kalasi ya kasukulu kena kuseri kwa msika. Atafika pakhomo anapeza modzaza. Kutsogolo, pafupi ndi bolodi, mbaula inali itayaka, makala ali psuu. Ba Monalisa anakhala pabenchi yoyamba, kapaketi ka mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi kali m'manja, kudikira nthawi yawo. Ba Pasita anali ndi maikolofoni.

"...ndipo amene anafa paphiri, lero ayenda na miyendo yake! M'bale Whyson, bwerani!"

Anthu anaimba nthungululu. Ba Whyson anaimirira, sanavale mkanjo woyera koma jekete lawo lakale la buluu. Anayenda akutsimphina, pulasitiki yakuda ili m'manja. Felistus anayamba kukankha anthu oima pakhomo, koma anali ambiri.

Ba Pasita anawapatsa maikolofoni. Ba Whyson anaikana ndi dzanja. Anapitirira mbaula, anafika patebulo, anapisa m'pulasitiki muja n'kutulutsa fulasiki yofiira. Anaiimika pafupi ndi Baibulo lalikulu lija.

"Ba Pasita, nabweza katundu wanu. Natsuka."



"Shuga nikali nayo," anapitiriza, mawu awo a munthu wozolowera kulankhula pa phokoso la makina. "Nabaya m'mawa uno, nadya na buledi. Madzulo nizabayanso. Dzulo ninamva vonse, ngakhale ninalephera kukamba. Imwe munali kukuwa. Amene ananipatsa tiyi ni mkazi wanga. Sazagwada pano."

"M'bale, mdani akulankhula m'kamwa mwanu..."

"Awe, ndine Whyson. Tiyi anali bwino. Muwathokoze Amayi Busa."

Anapinda pulasitiki ija bwinobwino, anaika m'thumba la jekete, n'kutembenuka. Ba Pasita anayambitsa nyimbo msangamsanga, koma anaimba okha mzere wonse woyamba. Felistus anaona dzanja la Ba Monalisa likutsika pang'onopang'ono, kapaketi kaja n'kulowa m'chikwama, zipi n'kutsekeka.

Anakumana pakhomo. Ba Whyson anayang'ana mapazi a akazi awo, magazi atadetsa patapata.

"Mwathamanga?"

"Munasiya kamphika kosavindikira," anatero Felistus, akupuma mwabefu. Ukali unali usanathe, unkangosowa pogwira. "Mankhwala yazatentha. Zaka zitatu, kuvindikira chabe simuziwa?"

"Nizavindikira."

"Buledi mwadya zoona, kapena ali pansi pa mpando?"

"Nadya, amake Karen. Masilaisi yatatu."

Felistus anawayang'anitsitsa pamphumi. Panali pouma. Anawagwira dzanja, osati mwachikondi ayi, koma mmene amagwirira nsonga ya belo kuti lisagwe, ndipo dzanjalo linalinso louma, lofunda. Sanalisiye. Anatuluka pageti la sukulu onse awiri akutsimphina, wina mwendo wamanja wina wamanzere, kubwerera kunyumba kukavindikira kamphika.